Dzanja Langa pa Kolala ya Mayi Likoswe

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga kufikira lero, amene sanandimane chifundo chake ngakhale pa tsiku limene ine ndinamana mnzanga chifundo. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Ntchito yanga yoyamba inali yothandizira kuphunzitsa karate ku Bangwe. Ndinali nditaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi kwa a Sensei Makwinja, bambo wamfupi wosakonda zolankhulalankhula, ndipo ndinali ndi lamba wabulawuni. Nditamaliza sukulu ndinkangozungulira mu Limbe ndi envelopu ya makalata ofunsira ntchito. Tsiku lina titaweruka anandiitana. "Limbani, bondo langali latha. Kuyambira Lolemba, ongoyamba kumenewa ndi ako." Nditafika kunyumba ndinagwada n'kuthokoza.

Tinkachitira m'holo ya pasukulu ina ya pulayimale ana akaweruka. Ndinkafika msanga, kukankhira madesiki kukhoma, kusesa ndi kukolopa simenti, poti tonse timakhala osavala nsapato. Zida zinali zochepa: mapadi awiri ong'ambika otchingira nkhonya, thumba la mchenga wosakaniza ndi utuchi, ndi thabwa lokulungidwa chingwe lolimbitsira nkhonya. Tinkayamba ndi kuthamanga, kenako nkhonya ndi mateche, kenako kata, ndiko kuti mayendedwe otsatizana amene munthu amaloweza ngati vesi. Pomaliza tinkaima awiriawiri, wina wogwira, wina wodzipulumutsa.

Pa gawo lomalizali panali lamulo. Wogwira sataya mnzake mpaka atadzipulumutsa yekha, kapena mphunzitsi wamkulu atafuula kuti "Yame!", kutanthauza kuti lekani. A Sensei ankati, "Wakuba sakutaya chifukwa choti wamumvetsa chisoni. Ukamutaya msanga mnzako, wamunamiza." Lamuloli ndinalilandira ndi manja awiri. Ndinkakhulupirira kuti mtima ndi wonyenga, ndipo wophunzitsa ayenera kuyendera mutu basi.

Mwa ophunzira anga munali Mayi Likoswe, ogulitsa kaunjika pamsika, aakulu kwa ine, mayi wa ana atatu. Anali anthabwala. "Aphunzitsi, miyendo iyi inazolowera kuthamangira minibasi, lero mukuti ikwere kumwamba?" Chinawabweretsa n'chakuti m'mawa wina akupita kokapikula belo ku Limbe, amuna awiri anawagwira pakhosi pakanjira kachidule. Kuyambira pamenepo sankatha kuyenda okha, mlongo wawo ndiye ankawaperekeza. Ankafuna kudzayendanso okha. Palibe china chimene ankafuna.

Kata yoyamba anailoweza kuposa anyamata. Koma ndikangogwira kolala ya yunifomu yawo, ankauma. Ndinkawauza kuti, "Musamve kanthu, amayi. Ganizani basi. Gwirani dzanja langa, pondani kumbali, potozani." Ndikagwira mofewa, ankatha. Ndinaganiza kuti achira.

Linafika Loweruka la mayeso a lamba wachikasu. Abale anadzaza m'mawindo, ndipo amayi atatu a kumsika anabwera kudzachemerera mnzawo. Kata inayenda bwino, amayi aja n'kuimba nthungululu mpaka a Sensei anawatontholetsa ndi diso. Titafika pa zogwirana a Sensei anandiuza motsitsa mawu, "Lero gwira zenizeni." Tinaima magulu anayi nthawi imodzi, iwo n'kuyambira kumapeto kwina ndi pepala lawo, atatifulatira.

Ndinagwira kolala ya Mayi Likoswe mwamphamvu, nkhonya yanga n'kukhudza khosi lawo. Maso awo anatong'oka. Ankandiyang'ana koma sankaona ine. Manja anangolendewera. Ndinkamva mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda pa zala zanga. Mtima wanga unati taya. Mutu unati ukataya alephera mayeso, miyezi yonseyi ipita pachabe, ndipo a Sensei adzati sukuyenera ntchitoyi.

"Dzanja, amayi," ndinanong'ona. "Gwirani dzanja." Palibe chinachitika. Ndinayang'ana kwa a Sensei, ndinangoona msana. Ndinapemphera chamumtima kuti, Ambuye, atembenuzeni. Taonani kupusa kwanga: ndinapempha Mulungu kuti atembenuze munthu amene anali kutali, pamene zala zofunika kutambasula zinali zanga.

"Atayeni kodi! Simukuona?" anakuwa mayi wina pawindo.  Nthawi yomweyo Mayi Likoswe anakhala pansi, yunifomu n'kutseguka kutsogolo poti kolala inali idakali m'dzanja langa, ndipo analira mokweza ngati pamaliro. Apo m'pamene ndinamva "Yame!"

Anzawo aja analowa ndi nsapato zomwe, kuwafunditsa chitenje n'kuwatulutsa. Mmodzi anatembenuka pakhomo. "Ndiye akuti ndiwe wopemphera iwe?" Ndinangoima, dzanja lidakali lofumbata.

Anthu atapita, a Sensei anandifunsa, "Unalibe maso?" Ndinati ndimadikira mawu awo. Iwo anati, "Amene waona ndiye amaimitsa. Unaona ndiwe."

Lachiwiri ndinapita kumsika. Ndinapeza Mayi Likoswe akupinda mathalauza pabenchi lawo. Ndinapepesa, n'kuwapempha kuti abwerere. Anandipatsa mpando, sanandikalipire. "Aphunzitsi, sindinakwiye. Koma tsiku lija pakanjira paja ndinkadziuza kuti awa ndi anthu oipa. Inu ndinu abwino, koma nanunso simunanditaye. Ndiye ndithawire kwa ndani?"

 Ndinabwererako kawiri, yankho linali lomwelo: "Ndiganize kaye." Sanabwerenso. Mlongo wawo anapitiriza kuwaperekeza m'mawa uliwonse, mpaka benchi lija ndinadzapezapo munthu wina. Kumene anasamukira sindikudziwa. Ndimawatchula dzina m'pemphero, poti palibenso china chimene ndingachite.

Ndikuphunzitsabe. Wophunzira wanga aliyense ndimamuuza tsiku loyamba kuti akagwira mnzake aziyang'ana nkhope, ndipo akaona kuti mnzakeyo wachokamo, ataye osadikira wina. Mutu umadziwa njira yopotozera dzanja, koma mtima ndi umene umaona kuti pamaso pako pali munthu. Zonse ziwiri anatipatsa ndi Mulungu, ndipo ine ndinatontholetsa chimodzi ndikuyesa kuti ndikuchita chilungamo. Sindinganame kuti muyeso wake ndinaupeza. Masiku ena ndimataya msanga n'kumunamiza wophunzira, masiku ena ndimachedwa. Nthawi iliyonse ndikatambasula dzanja kuti ndigwire kolala, ndimachita mantha, ndipo ndinasiya kupempha kuti manthawo achoke.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni maso oona amene ali m'manja mwanu, ndi mtima wofulumira kumvera. Ndipo ngati alipo pakati panu amene sathanso kuyenda yekha panjira, Mulungu wa mtendere ayende naye, amufikitse kwawo bwino. Amen.