Chithunzi cha apongozi chili m'galasi

Masiku a chipani chimodzi, ine pamsika wa Chongwe ndinkagulitsa ngakhale mbuzi yotsokomola. Kutabwera mzungu wosonkhanitsa zithunzi zakale, ndinakabwereka kwa apongozi anga chithunzi chokhacho cha malemu amuna awo, chojambulidwa ku Kasisi, n'kunama kuti ndikukachiika m'galasi. Tinanenerera mtengo mpaka mzunguyo anatuluka thukuta n'kuchigula, ine n'kumadzitama.

Ndinadzachiona pachionetsero ku Lusaka, chili m'galasi ndithu. Nditapempha kuchiwombola, mlonda anangoti ndisayandikire khoma.

Apongozi akafunsa, ndinkati magalasi akusowa m'dziko muno.

"Osavutika, apongozi," ankatero, atandiphera nkhuku. "Na sopo kulibe. Nizayembekeza chabe, bamuna banga bali m'manja mwanu."

Nkhukuyo ndinkadya, mpaka mafupa.