Rabson anatsikira pa Dedza

Rabson amakhoma mbaula ndi ndowa ku Mchesi, koma amakhala kuno ku Chinsapo, mpanda umodzi ndi ine. Kwawo ku Ntcheu amuna sakhalitsa pakhomo. Agogo ake anapita kumigodi osabwerako. Bambo ake anapita ku Joni iye akukwawa, mpaka lero ngakhale moni. Choncho atakwatira Vaileti, anthu ankangoti, "Dikirani, magazi sanama." Zinkandinyansa, poti onenawo amuna awo amagona kumowa.

Mwana wawo Aleke atabadwa, malonda anavuta, ndipo mnzake wina anamuitanira ntchito ku Joni komweko. Rabson anavomera. Vaileti sanalire pamaso pake. Anamuchapira zovala, kumuperekeza kudepoti m'mawa, n'kubwera kudzakhala pakhonde panga mwana ali kumsana.

"Amayi, basitu ndasanduka apongozi anga," anatero. "Zinalembedwa."



Dzuwa litapendeka tinangoona munthu akulowa pageti, chikwama paphewa. Rabson! Anali atatsikira pa Dedza, basi isanawoloke malire. Vaileti anangokhala pansi n'kuyamba kuseka misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinalulutira ngati pali ukwati.

Kuyambira pamenepo aliyense ali ndi nzeru zake. Abusa amati mapemphero awo ndiwo anadula temberero la kumtundu. Mphunzitsi wina wa pamzere wathu amati munthu sasankha kanthu, ubongo umagamuliratu mwiniwake asanadziwe, ndiye palibe chomuyamikira Rabson. Ameneyo ndimangomuyang'ana, chifukwa mwana wa sukulu akachedwa amamulanga, osakumbukanso zoti mwanayo sanasankhe yekha.

Tsiku lina ndinamupeza Rabson akuwongola lata pabwalo.

"Bambo a Aleke, kodi tsiku lija munatsikiranji?"

"Amayi, ndisakunamizeni, sindidziwa bwinobwino. Kondakitala atati tikonzeretu mapasipoti, ndinakumbukira kuti nkhope ya bambo anga sindiidziwa. Ndinangopezeka ndaimirira."

"Ndiye za magazi zija zinatheratu?"

Anaseka, n'kuika nyundo pansi.

"Ayi ndithu. Ndikangoona basi ya ku Joni, miyendo imayabwabe. Ndimangoiuza kuti lero ayi."

Aleke wayamba sukulu chaka chino. Ndikamasesa m'mawa ndimamumva akukangana ndi bambo ake za nsapato, kenako n'kutuluka limodzi pageti atagwirana manja.