Tayala Lomwe Ndinaligwira ndi Dzanja

Choyamba ndinamva kaphokoso, siii, ngati njoka m'mapesi. Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inkathawa, madzi akuoneka kutali ngati utsi. Ndinali pa matola ndi ana anga awiri, wina kumsana wina pamiyendo, ulendo wa ku Zomba kwa amayi anga. Ndinasuzumira pansi. Adalaivala anali atagwada pa tayala lakumbuyo, akulitokosa ndi kamtengo ka machesi.

"Adalaivala, mukuchotseranji mpweya?"

"Mchenga uwu, achemwali. Tayala lolimba limatitimira. Likafewa limayenda pamwamba ngati bakha."

Anthu anaseka, ine osaseka. Koma zoona tinadutsa. Galimoto inkangoyandama pofewa paja, madengu a matemba akununkha dzuwa, akakowa akuuluka pang'onopang'ono, mpaka ndinayamba kusinza, ndikuona ngati tili m'bwato ndipo nyanja yabwerera.

Inandidzutsa ndi miyala ya mumsewu. Tinali titafika pa msewu wouma, koma mpweya uja sanabwezere. Pampu analibe. Akuti tikapopa kutauni.

Cha ku Likangala tinaima kuti akweze matumba a mpunga, ine n'kutsika kuti mwana wamkuluyo akataye madzi. Ndipamene ndinaliona bwino tayalalo. Mizere yonse inatha, losalala ngati kunsi kwa mphika, tiulusi toyera tikutuluka, pambali pali chotupa ngati chithupsa. Linali litaphwa ngati dzungu lowola. Ndinalikhudza ndi kuseri kwa dzanja, momwe ndimachitira pachipumi pa mwana. Moto! Kutentha kumene mwana akafika nako umathamangira naye kuchipatala osavala nsapato. Ndipo ife timakhala pamwamba pake penipeni, matumba akuwonjezekabe.

"Nditsitsireni mtolo wanga."

"Iii, amayi inu, mwakhala amakaniko liti?" anatero abambo ena ogulitsa nsomba. "Tayala limeneli lakwatitsa anthu!"

"Ndiye lakalamba. Ndipatseni mtolowo."

Ananditsitsira mtolowo. Adalaivala anangopukusa mutu, akuti ndikafika mawa ndi ana otupa mapazi.

Sindidziwa ngati linaphulika, sindinafunse aliyense. Ndinamanga wamng'ono mwamphamvu, mtolo pamutu, wamkuluyo ndinamugwira pamkono. Tinayenda m'mbali mwa ngalande za mpunga, fumbi la galimoto likutsika pang'onopang'ono kutsogolo kwathu. Wamkuluyo akatopa ndinkamunyamula pachifuwa, mmodzi kumbuyo mmodzi kutsogolo, onse akupuma pathupi panga.