Kachidebe ka thobwa ndi moni wa amalume

Kwathu kwa Mlonyeni, nthawi yothyola fodya, ntchito yanga inali yopititsa thobwa kumunda. Amayi ankalithira m'kachidebe kopanda chivundikiro n'kundichenjeza kuti, "Likatayika, usabwere kuno." Aganyu akapanda kumwa ankaweruka dzuwa lisanafike pamutu, fodya n'kumapsera m'munda.

Sabata imeneyo aphunzitsi a sayansi anali atationetsa zodabwitsa. Anatunga madzi m'ndowa n'kuyamba kuizunguza ndi mkono ngati gudumu la njinga. Ikafika pamwamba inkakhala chozondoka, koma osagwa ngakhale dontho. Anati madzi amafuna kupita molunjika, ndowa ndiyo imawakhotetsa, choncho amakanirira m'katimo. Chachikulu ndi liwiro basi.

Ine ndi mutu wanga woumawu ndinati ndiyese ndi thobwa. Pakanjira kodutsa m'chimanga ndinayamba ndi kulendewetsa, kenako ndinaponya mkono. Zinatheka! Chogwirira chinkalira kwii, kwii, phewa likukokeka, fungo la chimera likundidutsa pamphuno. Ndinadziona ngati mfiti yamasana.

Ndi pamene amalume anga anatulukira m'chimangamo, khasu paphewa.

"Iwe Yohane, moni unatha kwanu?"

Kwathu mwana akamva mawu a wamkulu amaima pomwepo n'kunjuta. Thupi langa linamvera mwambo lisanafunse sayansi. Ndinaima, mkono uli m'mwamba. Thobwa lonse khuthu! Pamutu, m'makutu, mpaka m'kabudula. Ndinanjutabe, chimera chikutsetsereka m'masaya.

"Ndadzuka bwino amalume, kaya inu?"

Anaseka mpaka kutsamira khasu. "Mphwanga, anzako amamwera pakamwa."

Aganyu atandiona ndikubwera ndi chidebe chopanda kanthu, ntchentche zikundiperekeza ngati mkwati, anangotola malaya awo n'kumapita. Za amayi tsiku limenelo sindinena. Matako anga akukumbukabe.

Lero thobwa limapita kumunda m'mabotolo otseka, ndipo ana amapereka moni akuyenda, maso ali pafoni. Palibe amene angasambe chimera chifukwa cha ulemu. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, pano ndikupalasa kabaza kuboda, kumalire a dziko. Anthu amakonda kundiuza kuti ndinangoima kaye, ndidzapitiriza. Asanditopetse. Ndinaona ndekha zimene zimachitika ukaima chidebe chili m'mwamba.