Kamtengo kamene ndinakhomera m'paipi

Pali munthu amene anafa ali wosaona chifukwa cha manja angawa, ndipo sindinauzepo aliyense. Inu owerenga ndinu oyamba kumva.

Zinali zaka zija tinkafola mzere pogula sopo. Ndinali wokonzakonza zinthu panyumba ina yogona alendo ku Katete, m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Madzi osamba tinkatenthetsa m'dilamu lomangidwa pang'anjo kuseri kwa bafa, ndipo wosonkhezera moto anali a Tembo, bambo wachikulire wa ku Sinda.

Kasefa ka shawa, kaja kamamwaza madzi, kanatsekeka ndi dzimbiri. M'malo mokatokosa ndi singano, ndinagula kena kwa okhoma zidebe pamsika, ka mabowo akuluakulu. Madzi ankatsika ngati mvula, ine n'kumadzitama. Koma unali mwezi wa Juni, ndipo anthu awiri akasamba, wachitatu ankapeza ozizira. Madalaivala a malole anayamba kutukwana, bwana nayenso n'kundiopseza kuti ntchito indithera.

Kasefako sindinakakayikire n'komwe, pajatu kanali nzeru zanga. Diso langa linagwera pa kapaipi kotulukira pamwamba pa dilamu, kamene kankalavula nthunzi ndi timadzi. Ndinati wakuba madzi ndi ameneyu.

"Musakagwire ako, a pulambala," anatero a Tembo. "Dilamu limapumira pamenepo."

Ndinawaseka. Ine wokhalapo ku Migodi ndiphunzitsidwe ndi munthu wowaza nkhuni? Iwo atapita kukadya, ndinasema kamtengo n'kukakhomera m'paipimo ndi hamala. Atabwerako ndinawauza kuti mawa lake awonjezere nkhuni.

M'mawa, ndili kubwalo, ndinamva kuphulika. Ndinawapeza a Tembo atagwada m'matope, manja ali kumaso, khungu likusupuka. Sanalire. Ankangofunsa kuti utsi wonsewu ukuchokera kuti. Anthu akuthamangira galimoto yowatengera kuchipatala, ine ndinali kalikiliki kufunafuna paipi ija. Kamtengo ndinakazula n'kukaponya pamakala. Bwana anati mkuluyo anachulutsa moto, ine n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Dilamu latsopano litafika, ndinatokosa kasefa kakale kaja n'kukabwezera. Madzi anakwanira alendo onse, ena n'kutsala. Ntchito ya singano imodzi basi.

Patapita miyezi ndinakwera basi ya ku Sinda ndi paketi ya shuga, nditatsimikiza mtima kuti ndikaulula. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga mopapasa. Anandizindikira ndi mawu.

"A pulambala, kodi madzi tsopano akukwanira?"

Ndinati eya. Anapitiriza kutong'olera chimanga m'lichero, nkhope atalozetsa kwa ine, ngati akundipatsa mpata. Koma ine ndinayamba kukamba za mitengo ya thonje. Anamwalira chaka chotsatira, ndipo ngakhale kumaliro ndinaopa kupita.

Lero ndakalamba, koma ketulo ikayamba kuwira ndimatuluka panja. Am'nyumba amaseka, amati ndi ukalamba. Sadziwa kuti ndimamva funso lija la a Tembo, lakuti utsi ukuchokera kuti.

Inu owerenga, chinthu chikavuta mutangosintha kanthu, yambani mwakayikira chimene mwasinthacho musanakhudze china. Paipi yotulutsa nthunzi musadzaitseke, ngakhale izidontha bwanji. Ndipo munthu amene munamulakwira akakhala chete kukudikirani, lankhulani pomwepo. Ine a Tembo anandidikira mpaka chimanga chinatha m'lichero.