Tsiku limene azakhali anagwa m'munda wa mpunga

Ndikukumbukira fungo la mpunga wakucha m'dambo la kwathu ku Malengachanzi, chaka chija anthu anayamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana mosaopa. Ndinali mtsikana wa ku pulayimale, ndipo ndinkakhala ndi azakhali anga, Anabanda, amene analibe mwana wawowawo.

Kale anali mayi wamtali, koma msana wawo unkapindika chaka ndi chaka. Ine ndinkanyadira kuti ndawafika paphewa, osadziwa kuti pamene ndinkakula, iwo ankafupika. Akadandaula msana, anthu ankati ndi ukalamba, ena ankanong'ona za ufiti.

M'mawa wina tikukolola, anasenza mtolo wa mpunga n'kuterereka pamatope. Sanagwe mwamphamvu ayi, anangokhala pansi ngati munthu wotopa. Kenako ndinaona thukuta likutsika pankhope pawo, phazi lakumanzere litagona chopotoka.

"Mwanawe, usandidzutse," anatero motsitsa mawu. "Thamanga ukaitane anthu."

Amuna anawanyamula pa chitseko mpaka kumsewu. Galimoto yoyamba kuima inali lole ya anyamata opita ku msonkhano wa chipani, chipani chomwe azakhali ankachinyoza tsiku lililonse. Anyamatawo analeka kuimba, n'kuyala nsalu zawo kuti wodwala agonepo. Ululu uli apo, azakhali anawayang'ana n'kunena kuti, "Zikomo ana anga, koma voti yanga yokha simuiona."

Kuchipatala, dokotala anakweza chithunzi cha ekisire pawindo n'kuonetsa abambo anga, amene anatipeza kumeneko. "Fupa la m'chiuno lathyoka," anatero. "Koma mafupa awa afumbwa m'kati ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Zinayamba kalekale."

Azakhali anagona m'wodi nthawi yaitali, mwendo ataukoka ndi chingwe chomangirira chitsulo cholemera. Atabwera kunyumba sanayendenso. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza pamphasa, kuwapaka mafuta pa zilonda za kumsana. Ndikawanyamula, ankapepuka ngati mtolo wa udzu wouma, ndipo zimenezo zinkandiopsa kuposa kubuula kwawo. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, mpunga wawo wa mbewu udakali m'thumba.

Chaka chatha ndinaperekeza amayi anga ku chipatala china mumzinda kukayezetsa kulimba kwa mafupa. Anangogona chagada, makina n'kudutsa pamwamba pawo mwakachetechete, popanda jakisoni kapena ululu. Adokotala anawauza kuti mafupa ayamba kufooka, anawapatsa mankhwala, n'kuwalangiza kuti azidya usipa ndi minga yake yomwe, aziyenda ndiponso aziwothera dzuwa. Amayi anaseka kumva kuti usipa wasanduka mankhwala.

Pobwerera, basi itadutsa Benga, ndinaona amayi okalamba owerama m'mbali mwa msewu, nkhuni zili pamutu. Matendawa tsopano timawadziwa, ndipo makina owapezera alipo. Koma ali kutali, ndipo ambiri kwathu amadziwa kuti ali ndi matendawa tsiku limene agwa.