Mzere umene Esinati sanalembe

Tiyi akamamudulira amakhala ndi fungo lakelake, losiyana ndi la masamba othyola. Ndi fungo la nthambi zaziwisi zonyowa ndi chiperoni, zosiyidwa m'mizere kuti zifote. Ndikalimva ndimabwerera ku nyengo yozizira ya 2001, ndili mu Sitandade 7 pa sukulu ya pa esiteti imene makolo anga ankagwirako ntchito. Minda ya kumtunda inali itasanduka zitsa zotuwa. M'mawa nkhungu inkatsika mpaka pa malata a kukomboni, ndipo tinkapita kusukulu manja ali m'khwapa, mbatata yootcha ili m'thumba la kabudula kuti izitifunditsa.

Aphunzitsi athu a sayansi, a Mulipa, anali atangobwera kuchokera kunja. Anakakhalako milungu itatu pa maphunziro amene anasonkhanitsa aphunzitsi a m'mayiko ambiri kuti aphunzire za dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Anabwerako ndi kakatoni ka magalasi a mapepala oonera dzuwa ndi pepala limodzi lojambulidwa mizere. Anatiuza kuti kukubwera kadamsana, mwezi udzaphimba dzuwa masanasana. Tsiku limenelo masukulu a m'mayiko osiyanasiyana adzayeza kuzizira kwa kunja pa mphindi khumi zilizonse, kenako adzatumiza mapepala awo malo amodzi. Pepala lathu likadzalandiridwa, a Mulipa adzaitanidwanso chaka chamawa, ndipo sukulu idzalandira makina oonera nyenyezi. Likadzakanidwa, dzina lathu lidzachoka m'gululo.

Themometa, kachida koyezera kutentha ndi kuzizira, tinakabwereka kwa a Muhiwa, amene ankayeza mvula ya pa esiteti. M'mawa uliwonse ankapita kukampanda ka kuseri kwa fakitale, nkuthira madzi a mvula m'kabotolo ka mizere, nkulemba pomwepo ali chiimire. Tsiku limene anadwala malungo, malo a tsikulo m'buku anangowasiya, ngakhale aliyense ankadziwa kuti mvula sinagwe. Mwana wawo, Esinati, anali m'kalasi mwathu. Ndiye anadzakhala mkazi wanga, ndipo tinamuika m'manda chaka chatha. Pa nthawiyo anali kamtsikana kafupi, kosakonda kulankhula, kolemba manambala oongoka ngati osindikiza.

A Mulipa anakhoma themometa ija pamthunzi wa khonde, m'mwamba, kuti ana a Sitandade 1 asaifikire. Ine anandisankha kuti ndiziwerenga chifukwa ndinali wamtali kuposa onse. Esinati anamupatsa wotchi yawo ya pamkono, pepala ndi cholembera. Sabata yonse tinkayeserera tikaweruka. Iye ankati "Tsopano," ine nkutchula nambala, iye nkulemba. Mawu athu ankathera pomwepo.

Tsiku lenilenilo nkhungu inachoka nthawi yabwino. Wailesi inali itachenjeza kuti munthu asayang'ane dzuwa ndi maso okha, motero mabanja ena anatsekera ana m'nyumba. Koma ambiri anabwera kusukulu, chifukwa anamva kuti kuli magalasi. Odulira anabwera ndi mipeni yawo, amayi ndi madengu kumsana. Magalasi anali ochepa, ndipo a Mulipa anaimika anthu pamzere pabwalo la mpira, aliyense ayang'ane pang'ono apatse mnzake. Ife awiri tinatsala pakhonde, dzuwa lili kuseri kwa denga.

Poyamba sipanasinthe kanthu. Kenako kuwala kunayamba kufooka, kukhala ngati tiyi wochepa masamba. Kamphepo kanadutsa m'mabulugamu. Nambala zimene ndinkatchula zinayamba kutsika, ndipo kubwalo kunkamveka phokoso la anthu akuluakulu akuseka ngati ana. Ndinamva kapitawo wina akunena kuti dzuwa latsala ngati chikhadabo. Ine ndinali ndisanaone chilichonse kupatula kamzere kofiira ka m'themometa.

Pamenepo amayi anga anandiitana. Anali atafika kutsogolo kwa mzere, magalasi ali m'manja, ndipo ankandikodola kuti ndibwere msanga nthawi yawo isanathe. Amayi anali asanapondepo pasukulu paja. Ndinaganiza kuti ndibwerako mphindi khumi zisanakwane. Ndinathamanga, ndinavala magalasi aja, ndipo ndinaona kachidutswa kowala kokhotakhota pakati pa mdima bii. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Nditabwerera pakhonde ndinapeza Esinati ataimirira ndi zala za kumapazi pansi pa themometa, khosi atalitambasula, koma maso ake sankafika pa manambala. Mphindi ija inali itadutsa. Unali mzere wa pakati penipeni, pamene dzuwa linaphimbika kwambiri.

Tinapitiriza mpaka kunja kunayeranso. Anthu atayamba kubalalika ndinamuchonderera. Ndinamusonyeza kuti nambala ya pamwamba ndi ya pansi zilipo, tingolemba ya pakati pake, palibe angadziwe. Ndinamukumbutsa za makina, ndi za a Mulipa amene anali atauza kale mpingo wonse kuti adzapitanso kunja. Anandiyang'ana, cholembera atachibisa m'dzanja.

"Sunawerenge," anatero. "Ndilemba chiyani?"

A Mulipa anaona pepalalo. Sanafunse kuti wolakwa ndani, koma ndinawauza ndekha, maso ali pansi. Anatenga cholembera nalemba m'mphepete, m'Chingerezi, kuti wowerenga anapita kukaona dzuwa. Mawa lake anakwera minibasi kukaponya pepalalo ku positi ku Boma. Miyezi yotsatira sanandikalipireko, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa chikwapu. Esinati sindinamulankhule mpaka tiyi anaphukiranso.

Yankho linabwera mvula itayamba. Linali chipepala chachikulu chojambulidwa mizere yokhotakhota ya masukulu onse, uliwonse ukutsika ndi kukweranso. Wathu unalipo, dzina la sukulu yathu lili pambali. Pakati pake unali woduka, mpata wake ngati wa dzino logulula. A Mulipa anachimata pakhoma ndi phala la ufa, ndipo chaka chotsatira anapitanso. Makina aja anafika ife titachoka kale, ndipo ine ndi Esinati sitinayang'anemo.

Ndili mwana ndinkati Esinati ndi wouma mutu, kuti anaika sukulu yonse pachiswe chifukwa cha nambala imodzi. Ndinkaganizanso kuti za kumwamba sizinkamukhudza, popeza sanapemphe magalasi. Tili pabanja ndi pamene anandiuza kuti ankafunitsitsa kuona, mpaka miyendo inkamuyabwa, koma wotchi inali m'manja mwake. Ndinaseka, ndinamulonjeza kuti kadamsana wina tidzaonera limodzi. Ndi nthawi yokhayo imene tinakambapo za tsikulo. Lero ndikamaphunzitsa ana kuyeza zinthu, ndimawauza kuti chimene sanaone asalembe. Sindiwauza amene anandiphunzitsa.